Tsiku Limene Pulogalamu Inakana Nkhuku za Azakhali

Nditasiya utolankhani ndinabwerera kwathu kufupi ndi Mikolongwe, ndipo kwa kanthawi ndinkathandiza msuweni wanga, mwana wamkazi wa azakhali, kulowetsa ziweto za kalabu ya alimi m'kompyuta. Pulogalamuyo analemba yekha. Yanga inali kufunsa alimi ndi kutaipa, zosasiyana kwenikweni ndi ntchito yanga yakale.

Msuweniyo ankanyadira mzere umodzi wa m'pulogalamumo, ndipo anandifotokozera motere. Gawo lililonse la pulogalamu likafuna kusunga chiweto, silidzipangira lokha chosungira. Limapempha kwa gawo lina lotchedwa kontena, monga munthu amafikira pa siteji ya kabaza ku Njuli n'kunena komwe akupita, osasankha wopalasa. Pempholo, lomwe iye ankalitcha intafesi, limangotchula ntchito: sunga, funafuna, fufuta. M'pempholo, pamalo polemba mtundu wa chiweto anasiyapo popanda kanthu. Ndi mzere umodzi uja anauza kontena kuti aliyense wopempha chosungira, kaya cha ng'ombe kaya cha mbuzi, azipatsidwa chomwe chija chimodzi chimene iye analemba.

Ng'ombe zinalowa. Mbuzi zinalowa. Nkhumba nazo zinalowa iye osawonjezera ngakhale chilembo.

Kutayamba kutentha, tinamva kuti chitopa chagwa mudzi woyandikana nawo. Wakatemera anatumiza uthenga kuti abwera mawa lake, koma atenga katemera wokwanira nkhuku zokhazo zimene zikhale zitalowa m'kompyuta pofika madzulo. Oyamba kufika pakhonde la kalabu anali azakhali, omwe chaka chapitacho khola lawo lonse linatha ndi nthenda yomweyi. Zimene anali nazo tsopano anachita kuziyamba ndi misoti iwiri yopatsidwa.

Ndinalemba dzina lawo, ndinasankha nkhuku, ndinadina. Kompyuta inakana. Inkafuna nambala ya pakhutu.

"Akuti chiyani?" anafunsa azakhali.

"Akuti mutchule nambala ya pakhutu la nkhuku iliyonse."

"Pakhutu? Iii!" Anatembenukira kwa msuweni. "Mwana wanga, ku Blantyre kuja unkaphunzira zoti nkhuku tiziiboola khutu?"

Amayi amene anali pamzere anafa nacho chiseko. Msuweni anakoka laputopu n'kuyang'ana. Vuto analiona msanga. Chosungira chake chimodzi chija anachilemba akuganiza za ng'ombe ndi mbuzi, zomwe chilichonse chili ndi nambala yake. Kontena sinalakwitse. Inapatsa nkhuku chomwe inauzidwa kupatsa aliyense.

"Asuweni, tingopeka manambala," ndinatero. "Tambala akhale wani, thadzi thuu."

"Kunyuzi kuja munkatero eti? N'chifukwa chake anakubwezani kumudzi."

"Ndinachoka ndekha."

"Onse amatero. Sunthani, mukunditchinga."

Ndinkaganiza kuti aphwasula zonse, koma mzere wake wokondedwa sanaukhudze. Analemba chosungira china cha nkhuku zokha, chofunsa mwini khola ndi kuchuluka kwa nkhuku basi. Kenako anawonjezera mzere wachiwiri wouza kontena kuti wopempha chosungira cha nkhuku azipatsidwa chatsopanocho. Ndinafunsa, mwa chizolowezi, kuti mizere iwiriyo ikatsutsana upambana uti. Anati kontena imene ankagwiritsa ntchito imayamba yaona ngati pali chotchula mtunduwo mwachindunji, ndipo pakakhala palibe m'pamene imatenga cha onse chija. Magawo ena a pulogalamu sanadziwe n'komwe kuti kwasintha kanthu. Ankapempha monga kale.

Nthawi yonseyi azakhali anali atakhala pa benchi, akuyang'ana dzuwa kenako mwana wawo. Nthabwala anali atasiya.

"Amayi, nkhuku zanu zilipo zingati?" anafunsa msuweni.

Anatchula, n'kuonjeza kuti anapiye asaiwalike. Ndinadina. Zinalowa. Mzere unayenda mpaka mayi womaliza, ndipo uthenga unapita kwa wakatemera dzuwa lisanalowe.

M'mawa mwake azakhali sanatsegule khola. Wakatemera anafika panjinga ndi kabokosi kozizira, n'kumadontheza dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse ine ndikugwira. Tambala wamkulu anandipulumuka, ndipo ndinamuthamangitsa mpaka m'munda wa nandolo, msuweni akukuwa kuti ndimufunse kaye maganizo ake pa nkhaniyi. Ndinabwera naye ali m'khwapa, malaya ali chisoso chokhachokha.

Chitopa chinafika m'mudzi mwathu ndithu. Azakhali anataya mwanapiye mmodzi, ndipo ameneyo anatengedwa ndi kabawi.