Maginito a Tsiku la Sabata

Chinali chaka cha 1977, mwezi wa Okutobala, ine ndili ndi zaka makumi anayi ndi zitatu. Ndinanyamuka kwathu ku Chilenje, mu Lusaka, Lachisanu mamawa, masipanala ali m'chikwama, kukafuna chitsulo chimodzi chokha.

Akulu anga a Yelemiya anali mesenjala nthawi ya atsamunda, ankagawa makalata pa njinga yamoto ya ku Mangalande. Ntchito itatha anaigula, nkuitcha Gogoda chifukwa cha kaliridwe kake. Inafera pansi pa mtengo wa mango, ine nkuyamba kuidzutsa pang'onopang'ono. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, koma za injini sindifunsa munthu. Zonse zinabwerera m'malo kupatula maginito, kabokosi kamene kamatumiza moto ku pulagi. Malire a kummwera anali otseka ndipo zipangizo sizinkabwera. Anzanga ankati ndiikemo za Chijapani. Ndinakana zaka ziwiri. Kenaka madokotala anawabweza a Yelemiya kunyumba, mapapo atatha. Sanapemphe mankhwala. Anati akufuna kumva Gogoda akulira kamodzi. Kusula za Chijapani kuti zikwane kukanatenga mwezi, ndipo mwezi tinalibe.

Pa Kabwata ndinafika wapansi seveni koloko. Kuseri kwa msika kunali Mbemba wina wa ku migodi wogulitsa zitsulo zakale. Nditatchula maginito anati ali nawo ambirimbiri, ndikhale pansi. Anafukula m'thumba nkunditulutsira maginito a m'wailesi, misomali itamatirira.

“Aya ni olijino, ba mudala,” anatero. “Onani mwamene yagwilila.”

Ndinamuuza kuti ndikufuna oyatsa moto, osati otola misomali. Anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke.

Basi ya m'tauni inali ngwee khumi, ndipo ndinaima njira yonse. Pa Cairo Road panali mzere wautali. Ndinafunsa mayi wakumapeto kuti akugulitsa chiyani, iye anati sadziwa, akamva akafika kutsogolo. Masiku amenewo zinali choncho: uyambe waima, ufunse pambuyo. Ndinalowa masitolo atatu a zipangizo. Anyamata a pa kauntala ankadziwa mamilimita okha, ndikatchula mainchi ankandiyang'ana ngati ndauka kumanda. Ku Kamwala mwenye wina wa imvi anakumbukira kuti mzungu wa ku Kabulonga anali ndi njinga yonga yathuyo, ndipo anandijambulira njira papepala la shuga. Ndinadya chinangwa chootcha ndi mtedza nditaimirira.

Basi inandisiya ku Woodlands dzuwa lili pamutu, kotsalako ndinayenda. Ku Kabulonga sumaona anthu, umaona mipanda ndi kumva agalu. Chidendene cha nsapato chinatsalira kumeneko. Pa nyumba ija mzungu anali atachoka kale m'dziko. Khukhi wokalamba, Mnsenga wa kwathu kummawa, anandipatsa madzi m'chitini cha jamu. Anati njingayo inagunda mtengo, injini anapatsa wa m'dimba, a Mwanza, amene anapita nayo ku Chelstone. A Mwanza anamwalira, koma akazi awo alipo.

Pa msewu waukulu wa kummawa ndinakwera lole ya mchenga, mtengo wake ndudu ziwiri. Ku Chelstone ndinatsika folo koloko. Nyumba sindinafunse. Ndinaimva injini ndisanaione: gu, gu, gu, mawu a Gogoda enieni. Anaimanga pa chipika, ikuzunguza pampu ya pachitsime, madzi akuyenda m'mizere ya repu ndi tomato.

Amayi Mwanza anali aafupi, manja olimba ngati anga. Ndinatchula mtengo wa maginito, anakana. Ndinaonjeza, anakananso. Anati dimbalo ndilo likulera ana asanu, ndipo ndi dzuwa la Okutobala repu akagona masiku atatu osamwa ndiye kuti wapita. Sanalakwe. Ndinatola chikwama kuti ndizipita, koma ndinachiikanso pansi. Pamenepo ndinachita chimene sindichita: ndinauza mlendo za m'nyumba mwathu. Ndinawauza za a Yelemiya.

Sanandipepese. Anayang'ana dzuwa.

“Ife ndise a Sabata,” anatero. “Dzuwa likalowa lelo, pampu ipumula mpaka mailo madzulo. Chotsani manje, atate. Pa Sande kuseni mubweze.”

Ndinafunsa ngati sikulakwa kuti chitsulo chawo chikagwire ntchito pa Sabata.

“Sabata ni yanga na pampu yanga. Ako kabokosi sikanabatizike. Koma fulumilani, dzuwa likalowa sipanala siigwila pano.”

Manati anali atatu, onse adzimbiri. Awiri anamvera. Nati lachitatu linathyola sipanala yanga ya mainchi, imene sindinaipezenso m'Lusaka yense, nkundisenda zala. Ndinalimaliza ndi tchizulo dzuwa likukhudza mitengo. Mayiyo sanafunse chikole, ngakhale nambala ya nyumba yanga. Anangokulunga maginito m'chitenge chakale, nkukasamba.

Mabasi awiri anandifikitsa ku Chilenje anthu akudya. Loweruka mamawa ndinamanga maginito, tinawanyamula a Yelemiya pa mpando nkuwakhazika pakhonde. Ndinaponda kasanu ndi kanayi, zii. Kachikhumi Gogoda analira, nkhuku za anansi nkubalalika. Akulu anga anatseka maso, anamvetsera nthawi yaitali. Ndinkadikira kuti andiyamike.

“Moto ukuchedwa pang'ono,” anatero.

Ananena zoona. Ndinakonza, ndinapondanso, iwo anagwedeza mutu. Tinailiza mpaka petulo anatha.

Pa Sande seveni koloko pampu ya ku Chelstone inali ikutunga madzi. A Yelemiya anamwalira patapita masiku khumi ndi awiri. Maginito ena sindinawapeze, ndipo Gogoda sanalirenso.

Zimene ndinataya pa ulendowo ndimaziwerenga chonchi: malipiro a tsiku limodzi, chidendene chimodzi, sipanala imodzi, khungu la zala zitatu. Pali zinanso zimene sizinatayike pa msewu: zaka ziwiri zimene akulu anga akanakwera njinga yawo, ine ndikanalola chitsulo cha Chijapani. Zimenezo ndinataya ndekha.