Nsapato Zimene Ndinaponya Padenga

Tsiku limenelo pakhonde panga ku Chingodzi tinalipo anthu asanu: ine mwini nyumba, mkazi wanga Nachisale, mwana wanga Zakariya, mkazi wake Felizimina, ndi a Momade, mnzake wa Zakariya wa kuntchito wochokera ku Nampula. Ndawatchula dala kuti wina asati mkuluyu akupeka. Onsewa ali moyo, kawafunseni. Ndipo ndineneretu, wolakwa pa anthu asanuwo ndinali ine.

Zilembozi ndinaziphunzira ndevu zitamera kale, ku Dedza kumene tinathawira nkhondo, choncho zikakhota musaseke. Koma pakamwa ndiye sindinagonjepo kwa munthu. Titabwerera kuno ndinayamba kukankha chova, ngolo ya pamanja ija, m'misika ya Tete muno. Ndikakuwa kamodzi kuti "Atensau!" anthu ankapatuka panjira ngati kukubwera ng'ombe yolusa.

Ntchito ya malasha itatentha ku Moatize, Zakariya analembedwa ntchito yoyendetsa chigalimoto cha mumgodi, chija tayala lake limaposa munthu kutalika. Ntchito yake inali kukhala basi. Kukhala m'basi popita, kukhala m'chigalimoto tsiku lonse kamphepo kozizira kakumuwomba, kukhalanso pobwera, akafika nkhuku yowotcha ya mchere wambiri ndi mowa wozizira. Mnyamata amene ankamenya mpira mpaka dzuwa kulowa anatuluka chimimba asanakwane zaka makumi atatu. Ine ndinkanyada. Ndinkachisisita chimimbacho pamaso pa alendo n'kumati onani, wokankha chova wabala bwana.

Tsiku lina anabwera nkhope itagwa, amvekere, "Ababa, atiyeza kuntchito. Akuti ndili ndi tensau." Ndinaseka mpaka oyandikana nawo anasuzumira. Ndinamuuza kuti ine ndakuwa atensau moyo wanga wonse, amenewo ndi mawu a Chipwitikizi opatutsira anthu panjira, si matenda. Ngati akuti uli nayo ndiye kuti wakula, anthu azikupatukira. Iye anayesa kundilongosolera kuti ndi mawu awiri osiyana, kuti tensau ndi magazi othamanga mopitirira muyeso, mtima ukusenza katundu wosaumaliza. Anamwino anali atamuuza kuti achepetse mchere ndi mowa, aziyenda ndawala kapena kuthamanga pang'ono tsiku lililonse, ndipo abwererenso akamuyeze. Ine ndinamva zonsezo ngati phokoso la ntchentche.

Anagula nsapato zoyera zothamangira, n'kuyamba kuthamanga m'mamawa mumsewu wopita kubwalo la ndege. Patatha masabata ochepa ananena yekha kuti mutu wasiya kumuwawa, tulo akugona bwino. Lamba anayamba kukhwepa. Ndiye anthu anayamba. Wina anandifunsa akuseka kuti mwana wanu waba chiyani kuti azithawa m'mamawa monse. Kumpopi amayi ankanong'onezana kuti akuonda, kaya ndi matenda aja. Zimenezo zinandilasa. Ndinatenga nsapato zija iye akuona, n'kuziponya padenga la malata. Ndinati pakhomo panga wothamanga ndi mbala kapena wamisala. Makwerero analipo kuseri kwa nyumba, koma mwana wanga ndi waulemu, sanakwere. Kokayezedwa kuja sanabwererekonso.

Nsapatozo zinagwa modabwitsa. Zinakhala moyandikana, zitaloza kumsewu, ngati muli munthu waimamo akudikira.

Patapita miyezi, Zakariya anayamba kundifunsa masanasana kuti kodi kuli gule kwinakwake. Ankati akumva ng'oma, du, du, du, chapatali. Ife tikatchera khutu, zii. Ine wa ku Angónia ng'oma ndimaidziwa, ndiye ndinagamula kuti ndi makolo akumuitana chifukwa chiyambire ntchito sanakaone manda a kwathu, kapena ndi ansanje. Felizimina anandigwadira kuti mwamuna wake apite kuchipatala. Ndinamukalipira kuti mtengwa salamula pakhomo pa apongozi. Ndinamutengera mwanayo kwa munthu wina amene anamutema mphini kuseri kwa makutu. Ng'oma sinasiye. Mlungu uliwonse ankati yasendera pafupi.

Tsono tsiku lija linali Lamulungu, mwezi wotentha, dzuwa lili paliwombo. Inu amene mumaidziwa Tete mukudziwa kutentha kumene ndikunena. Kunalibe kamphepo ngakhale pang'ono. Nkhuku zinali pansi pa mtengo wa masau, kukamwa yasa, osalira. Tikudya, tinamva padenga khwee. Kenaka zii. Kenaka khwee, ngati munthu akukoka phazi. Tonse tinasiya kutafuna. Nsapato imodzi inatsetsereka n'kugwa phi, patsogolo penipeni pa Zakariya. Inali ya kumanzere.

A Momade anayesa kuseketsa anthu, amvekere, "Achimwene, yatopa kukudikirani iyi, yabwera yokha." Palibe anaseka. Zakariya anayang'ana nsapatoyo, n'kutembenukira kwa ine, n'kunena motsitsa kuti, "Ababa, ng'oma ija yalowa m'nyumba." Kapu inapulumuka m'dzanja lake lamanzere. Ndikuona ndi maso angawa, mbali imodzi ya nkhope yake inatsika ngati nsalu yonyowa ikugwa pachingwe.

Tinamunyamulira m'galimoto ya a Momade. Panjira ndinaika khutu pachifuwa pake kuti ndimve ngati akupuma. Inu owerenga, ndinaimva. Du, du, du. Ng'oma imene ndinkaisaka kumanda a ku Angónia inali m'chifuwa mwa mwana wanga nthawi yonseyi.

Kuchipatala anati mtsempha waphulika m'mutu chifukwa cha tensau. Ine ndi mwano wanga ndinakuwabe kuti makina anuwo ndi abodza, mnyamata sangadwale matenda a nkhalamba, tayezani ine muone. Namwino wina anandimanga chilamba choyezera chija pamkono, chinafinya, chinamasula. Anandiyang'ana n'kunena kuti madala, magazi anu akuyenda bwino kuposa a anyamata ambiri, munkagwira ntchito yanji? Ndinati chova. Anangogwedeza mutu. Thukuta limene ndinkati ndi umphawi ndi limene linandisunga, ndipo ndi limene ndinamuletsa mwana wanga.

Anthu amati malata akatentha amadzikoka, n'chifukwa chake nsapato inagwa. Mwina. Koma bwanji ya kumanzere, mbali imene inafayo? Bwanji ola limenelo? Ine sindikudziwa. Mpaka lero dzuwa likafika paliwombo, denga likangoti khwee, chakudya chimandikanika.

Tsono mverani ine, makolo anzanga. Chimimba cha mwana wanu si chuma. Matendawa sasankha imvi, ndipo amabwera mwakachetechete munthu akuoneka wonona. Mwana wogwira ntchito yokhala pansi mukamuona akuthamanga mumsewu, musiyeni, anthu aseke atope. Akakuuzani mawu a kuchipatala amene simukuwadziwa, funsani, musachite ngati ine. Ndipo inu anyamata, akakuuzani kuti mubwerenso mudzayezedwe, bwererani ngakhale bambo anu akuwe chotani.

Zakariya sanafe, koma chigalimoto chija sadzachiyendetsanso. Amamwa mapiritsi tsiku ndi tsiku, ndipo a kuchipatala anamuuza kuti aziyenda. Ndinakwera ndekha padenga kukatsitsa nsapato inatsala ija. Ndimamuveka ndine, chifukwa dzanja lamanzere silimanga zingwe. M'mamawa uliwonse timatuluka mumsewu womwe uja, iye atandigwira paphewa, phazi likukokeka pansi, khwee, khwee.

Tsiku loyamba, anthu atatuluka m'makomo kudzationerera, Zakariya anaima n'kundiyang'ana. Lilime lake ndi lolemera tsopano, koma ndinamva liwu lililonse.

"Ababa, kale ndinkawadutsa mofulumira anthuwa. Lero ationa bwinobwino. Kuwani atensau ija tsopano, atipatukire."