Khate la m'munda wa alamu

Ku Kaumbwe kuno funsani aliyense, nshawa zanga sizinkadwala. Ndinkadzala ndi mvula yoyamba, mothithikana, n'kupalila udzu usanadzuke. Alamu anga, mlongo wa amai a kunyumba kwanga, ankadzala anzawo tikupalila kale, phando apa lina uko, ngati mano a nkhalamba. Chaka ndi chaka matenda a khate ankawagwila munda: masamba achikasu, mbewu zopinimbila, pansi popanda kanthu.

Ndiye kunabwela galimoto ya ofufuza za mbewu, kufuna munda woyeselamo nshawa zatsopano. Ine ndinasamba, n'kuvala jekete la kutchalitchi. Mtsikana wa magalasi amene ankawatsogolela anayenda m'munda mwanga, napukusa mutu.

"Bambo, munda wanu ndi wabwino kwambili. Sutithandiza."

Atafika kwa alamu anachita kuwomba m'manja. Ati khate lotele analifunafuna mpaka ku Nyimba osalipeza. Ati mbewu yolimba imadziwika pakati pa matenda, ngakhale tiligu amamuyesa chomwecho, ndipo ikapulumuka amatenga tsamba lake kukaona m'kati chimene inatengela kwa makolo ake. Ine wa sukulu yolekeza panjila ndinamvapo chimodzi: ulesi walembedwa ntchito.

Alamu anasanduka bwana. Zikwangwani m'mizele, alendo kuwajambula, chipewa chatsopano kumutu. Tsiku la chionetselo anaima kutsogolo kufotokoza za khate ngati analibeleka okha. Ine ndinakhala kumbuyo, kutsokomola popanda chifuwa. Amai a kunyumba nawo anayamba: "Alongo anga aja, anthu ankangowanyoza." Anthu ake ndani, sanatchule.

Mizele yambili inafa, ina inaima yobiliwila. Mbewu yopulumukayo ofufuza anawasiyilako alamu. Ine ndinalumbila kuti sindidzaipempha.

Chaka chotsatila mvula inachedwa, n'kudulanso. Tonse tinadzala mochedwa, ndipo khate linalowa m'munda mwanga, mwanga mwenimweni, osaodila n'komwe. Nkhokwe inatsala ndi mphepo. Mbewu yodzala inali pa khomo limodzi lokha m'mudzi monse.

Ndinapita.

"Odi, alamu. Ndimangodutsa."

"Mumadutsa ndi kathumba kukhwapa? Khalani pansi, alamu, ndiyambe ndakuphunzitsani kadzalidwe kake."

Ndinakhala. Anandiphunzitsa ulimi wa nshawa mpaka dzuwa kupendeka, ine kumangoti inde, inde, mano ndikukukuta. Mbewu ndinabwela nayo. Imabeleka, sindikana. Koma kukoma kwake, ayi ndithu, siifika pa yanga ija.