Tsiku Limene Bambo Anavinira Ulendo wa ku Japan

Ndikukumbukira Loweruka lina mu Julaye, ndili mu Sitandade 5, bambo atatitengera ku Area 11 kukaona chikondwerero cha chilimwe cha anthu a ku Japan. Chilimwecho chinali cha kwawo. Kuno ku Lilongwe mphepo inali kulowa mpaka m'mafupa, koma kalendala ya alendo sitsutsidwa.

Anatiitana ndi a Morita, katswiri wa zamadzi amene ankagwira ntchito ndi bambo ku Capital Hill. Kuofesi kunali mphekesera yoti munthu mmodzi apita ku Japan kukaphunzira, ndipo bambo anali atadzisankha kale mumtima. Tili m'minibasi anatilangiza kuti chilichonse chimene atipatse tidye, tigwade, timwetulire. Tsogolo la banja lonse linali pa mano athu.

Pageti akazi a Morita anativula majuzi mwaulemu waukulu n'kutiveka timikanjo topyapyala tamaluwa, totimanga ndi lamba pamimba. Pabwalo panali nyali zamapepala zofiira zikulendewera pa zingwe, ndi fungo la nyama yootcha yothira msuzi wotsekemera. Ine ndinaloza nyamayo. Anandipatsa kapu ya madzi oundana opalapala, othira zofiira pamwamba, kuti ndiziziritse thupi. Ndinadya mano akugundana, bambo akundiyang'ana, ndipo ndinamwetulira monga mwa pangano.

Kenako anatipatsa tizikombe tamapepala kuti tivuule tinsomba tofiira m'beseni. Pepala likanyowa linkabooka, anthu n'kumawomba m'manja. Amayi anafunsa monong'ona ngati Ajapaniwo akazinga okha nsombazo kapena awathandize. Atamva kuti nsombazo n'zongoyang'ana, anagwedeza mutu ngati amva za maliro.

Ng'oma yaikulu italira, anthu anapanga bwalo n'kuyamba kuzungulira pang'onopang'ono, manja m'mwamba. Bambo anali mkulu wa mpingo, munthu amene ankatseka wailesi mwana akangogwedeza phewa. A Morita anawagwira mkono.

"A Gondwe, tiyeni. Gule uyu ndi wolandira makolo athu amene anamwalira."

Ndinaona bambo akuyeza zinthu ziwiri, kumwamba ndi Japan. Japan inalemera. Analowa m'bwalo ndi suti yawo yakuda, poyamba ngati akuponda minga. Koma ng'oma ndi ng'oma. Posakhalitsa mapewa anakumbukira kwawo ku Rumphi, tayi ikuuluka, fumbi kobo, Ajapani atasiya gule wawo n'kuwazungulira akuwomba m'manja. Amayi anangoti, "Ambuye, ndiye ndinakwatiwa ndi ameneyu?"

Pobwerera bambo anatiuza kuti zimene taona ndi ntchito ya boma, ndipo zinsinsi za boma sazikamba. Patapita milungu ingapo dzina linatuluka. Wosankhidwa anali mphwake wa abwana, amene Loweruka limenelo anali kwawo atafunda bulangete. Zinadziwika kuti a Morita analibe mphamvu yosankha ngakhale wopita ku Salima. Anangotiitana chifukwa ankawakonda bambo, chinthu chimene bambo sanawakhululukire msanga.

Masiku ano zoterezi sizingabisike. Wina akanajambula pa foni, mpingo wonse n'kuonera mkulu wawo akutimba gule wa mizimu ya eni tisanafike n'komwe kunyumba. Ana anga amati kale tinali ndi mwayi, munthu ankachita manyazi ake mwamtendere. Iwo sadziwa. Ife mafoni tinalibe, koma tinali ndi amayi, ndipo m'mawa mwake belu lachiwiri lisanalire, azimayi a kwaya anali akuwapatsa moni bambo mogwedeza mapewa.