Zenera Limene Sitinalikonzenso

Nyumba ija tinailowa m'nyengo ya Chitaganya, mwana wanga woyamba asanayambe n'kukhala komwe. Bambo ake anali atangokwezedwa kukhala kapitawo wa othyola tiyi, ndiye akuluakulu a esiteti anati tichoke ku malaini, kumene antchito tinkakhala mothithikana, tikakhale m'nyumba yakale ya kumapeto kwa munda. Ankati munkakhala mzungu wolima fodya, tiyi asanafike mbali imeneyo. Iye anapita kalekale. Anasiya njerwa, malata a dzimbiri, zipinda zimene ukalankhula mawu amakubwerera, ndi mphaka.

Mphakayo ndinadana naye tsiku lomwelo. Anali wotuwa, khutu limodzi long'ambika, ndipo sankathawa munthu. Kwathu ku Thekerani mphaka wosadziwika mwini wake sitimusekerera, amati amakhala pachifuwa cha khanda n'kulimana mpweya. Ndikamuthamangitsa ndi tsache ankazungulira kuseri, n'kulowera pa zenera losweka, n'kukhala phee kundiyang'ana ngati mlendo ndine. Ifenso tinabwera ndi zathu: kagalu kamene bambo a mwana anapatsidwa ndi mnzawo, ndi nkhunda m'dengu.

Bambo a mwana nyumbayo inawalowa m'mutu. Akaweruka sankakhala pansi. Ankayenda chipinda ndi chipinda, manja kumbuyo, ngati bwana woyendera mizere ya tiyi.

"Apa, mayi a mwana, tiika tebulo. Uko tikhoma khola la nkhunda. Khonde ili tiika simenti, anzanu a ku malaini akabwera azivula nsapato."

"Nsapato zake ziti? Ali nazo ndani?"

"Ndiye azisamba mapazi."

Ine ndinkaseka, koma maso ali kudenga, makutu ali kukhoma. Nyumba inali ndi mabowo ochuluka, ndipo bowo lililonse ndinkaliona ngati njira ya chinthu chodzatenga mwana wanga: njoka, mleme, mphepo, kaya chiyani.

M'chipinda chachikulu munali phanga m'khoma, lakuda bii ndi mwaye. Ukasuzumira m'mwamba umaona kuwala pang'ono. Tinkadziwa kuti mzungu ankasonkhapo moto, koma bambo a mwana anati munthu sungasonkhe moto m'khoma ngati ukuotcha njerwa, komanso chumuni chake chinkadontha mvula. Anachitseka ndi masaka, anamata dothi, anakhoma matabwa, phanga lija linasanduka kabati ya mbale. Ine ndinakondwa, bowo limodzi latha. Anapempha zidutswa za galasi zotsala ku wekishopu, anaika m'mazenera onse, mipata anamata ndi phula. Kenako anapaka laimu, makoma anayera mbuu, ndipo anaika lamulo.

"Nkhuni m'nyumba muno ayi. Mundidetsera makoma. Ndagula mbaula, makala alibe utsi."

Ndiye kunabwera chiperoni. Nkhungu inatsika pa tiyi, mabulugamu osaonekanso, kamvula kowaza kosaleka, kuzizira kolowa m'mafupa. Matewera osauma. Mwana anayamba chifuwa, ndipo akatsokomola ine mtima unkadumpha.

Tsiku lina m'mawa bambo a mwana anapita ku ntchito belu la ku fakitale litangolira. Ndinatseka chitseko, pansi pake ndinatsekera saka. Mbaula ndinaidzaza makala, ndinaikolezera m'nyumba momwemo poti kunja kunali mvula. Ndinayanika matewera pa chingwe, mwana ndinamugoneka pa mphasa pafupi ndi moto, kagalu kanadzipinda pambali pake. Mphaka sindinamuone polowa. Ndinangomupeza ali pakona, ndipo ndinakhala pakati pa iye ndi mwana, tsache lili m'manja.

Munafunda bwino. Kuyambira pamene tinalowa, tsiku limenelo ndi limene ndinaganiza kuti mwina nyumbayi itilandira.

Anayamba ndi mphaka. Anasiya pofunda, anapita pachitseko, kukanda, kulira, kubwerera, kudumphira pa zenera, kukanda galasi, kuliranso, kulira kwake kosakhala bwino, kotalika ngati kwa munthu. Ndinati waona chiyani ameneyu, waona ndani amene ine sindikumuona? Tsitsi linandiima. Mutu unayamba kugunda m'mbali muno, ndinati kaya ndi malungo, maso akulemera, tulo take tokoma tondikokera pansi masanasana. Ndikanagona. Koma kagalu kanadzuka, kanayenda peyupeyu ngati munthu wochokera ku kachasu, kanagwa, kanasanza.

Ndinatembenukira mwana. Mwana wanga anali wolira, ku malaini ankamudziwa ndi kulira, koma apa anali zii, osatsokomola n'komwe. Ndinamunyamula, khosi linagwera kumbuyo. Ndinamupatsa bere, sanaligwire. Ndinamugwedeza, ndinamuitana, ndinamutsina, anangotsegula maso pang'ono n'kutsekanso.

Ndinaimirira, ndinapita kuchitseko. Chitseko chinali chitafufuma ndi chinyontho, bambo a mwana ankati adzachipala Loweruka. Ndinakoka ndi dzanja limodzi, ndinaika mwana pansi, ndinakoka ndi manja awiri, osatheka. Zenera analimata okha, nalonso osasuntha. Chipinda chinayamba kuzungulira. Pakona panali munsi umene ndinaulowetsa kuopa mvula. Sindikumbuka kuti ndinaganiza chilichonse. Ndinaukweza, ndinamenya galasi, ndinamenyanso, mpaka kathabwa ka pakati kanathyoka.

Woyamba kutuluka anali mphaka, anandidutsa paphewa. Mphepo yozizira inandimenya kumaso. Ndinatola mwana, ndinamukulunga ndi nsalu, ndinakwera pa zenerapo, galasi linanding'amba mkono, sindinamve. Ndinagwada pa udzu wonyowa, mvula ikutiwaza, ndikumuuzira kumaso, ndikuitana amayi anga amene anali kutali ku Thekerani, ndikusanza, ndikumuuziranso. Kenako anayetsemula. Anakoka mpweya, anakwinya nkhope, analira. Kulira kuja kumene kunkandisowetsa mtendere ndinakumvetsera ngati nyimbo ya m'tchalitchi.

Amayi othyola tiyi anamva kusweka kwa galasi, anabwera akuthamanga, madengu ali kumsana. Awiri anakankha chitseko ndi mapewa, anatulutsa kagalu atakagwira mwendo. Mmodzi wachikulire, amene Chinyanja chake chinkapendekera ku Chilomwe, anasuzumira m'nyumba, anaona mbaula, anaona saka lija la pansi pa chitseko, anandiyang'ana.

"Mwana wanga, kwa amako moto ukayaka, utsi umatulukira pati?"

"Pa udzu wa denga."

"Nanga muno? Makala ali nawo utsi wake, sauoneka. Mwatseka mphuno zonse za nyumba, mumati ipumira kuti?"

Bambo a mwana anawaitana ku munda, anafika ali wefuwefu. Anandilanda mwana, anamuika khutu pachifuwa. Ataona kuti akupuma, maso awo anapita pa zenera.

"Galasi langa," anatero chapansipansi.

"Lirani galasi, a kapitawo," anatero amayi achikulire aja. "Ife tivinira mwana."

Amayi onse anaseka, bambo a mwana sanaseke. Anandibwezera mwana, analowa, anatulutsa mbale m'kabati ija, anazula matabwa, anasolola masaka ndi khasu. Mwaye unawakhuthukira kumutu, unadetsa khoma lawo loyera mpaka pansi. Anasonkha nkhuni m'phanga muja, ndipo tonse tinaima panja kuyang'ana utsi ukutuluka pamwamba pa malata, ukusakanikirana ndi nkhungu.

Patapita masiku anabwera ndi galasi lina, atalikulunga m'pepala.

"Bambo a mwana, mukaliika, ine ndi mwana tibwerera ku malaini."

"Mphepo nanga? Chifuwa cha mwana?"

"Ndimufunditsa."

Analitsamiritsa kukhoma poganiza kuti mawa ndisintha maganizo. Khola la nkhunda anakhoma, khonde anaika simenti, tebulo linabwera. Kagalu kanachira, ngakhale kanakula kopusa, kouwa nkhunda zake zomwe. Galasi lija linakhala pomwepo mpaka tsiku limene tinasamuka.

Pa bowolo ndi pamene mphaka ankalowera. Sindinganene kuti ndinamukonda. Akayandikira mphasa ndinkamuyang'anitsitsabe, tsache lili pafupi. Koma mitu ya usipa ndinkamusiyira pa zenera pomwepo, ndipo akadzuka mwadzidzidzi kupita kuchitseko, inenso ndinkanyamula mwana n'kumutsatira.