Chitsulo cha a Sebastiano

A Sebastiano Nyamithambo ndinawadziwa mu 1986, atangowoloka Ruo kuthawa nkhondo ya kwawo ku Mozambiki. Anali mnyamata wamtali wosakonda kuyankhula, ndipo anabwera ndi bambo awo okalamba, njinga yopanda unyolo ndi nkhafi imodzi. Anawapatsa malo pafupi ndi ine, pa kamtunda kena ka ku Makhanga komwe tinkakhala mabanja khumi ndi anayi. Anakwatira a Dorika, nadzala mango asanu ndi awiri. Bambo awo atamwalira anagona pomwepo, kuseri kwa mangowo.

Ntchito yawo inali kusodza ndi kulima mbatata madzi akaphwa. Chimene anthu ankawadziwa nacho ndi kusunga zinthu za eni. Munthu akawasungitsa ukonde popita kuchipatala, ankakaupeza utasokedwa. Anzawo atabwerera kwawo nkhondo itatha, iwo anatsala. Ankati munthu sathawa kawiri.

Kamtunda kathu sikanamirepo. Madzi akulu ankafika m'minda ya m'munsi, nthawi zina mpaka pa khola langa, koma m'nyumba sanalowemo. Komabe mawu ankamveka chaka ndi chaka kuti anthu a malo otsika adzasamutsidwa. A Sebastiano ankaopa chimenechi kuposa ng'ona.

Tsiku lina kunabwera mayi wachitsikana dzina lake Yamiko, wa bungwe lina loyeza malo. Anabwera ndi chitsulo chachikulu cha mbali zitatu, chooneka ngati ngodya ya nyumba yodulidwa n'kuipendeketsa kumwamba. Anathira simenti kumunsi kwa munda wa a Sebastiano, nachimanga pamenepo ndi mabawuti. Zina ziwiri anakaika m'midzi ina.

Anatifotokozera pansi pa mango. Anati kumwamba kukuyenda makina angapo pamodzi, otchedwa masetilaiti. Setilaiti imodzi imaponya pansi mafunde osaoneka otchedwa rada, enawo amamva kubwerera kwake kuchokera mbali zosiyana, ngakhale kukhale mitambo. Akaphatikiza zimene iliyonse yamva, amapanga chithunzi choonetsa osati kutalika ndi kufupika kwa malo kokha, koma kukwera ndi kutsika kwakenso. A Sebastiano anafunsa ngati zili ngati mmodzi akamenya bwato ndi nkhafi, anzake ali m'mabwato ena n'kudziwa pamene iye ali. Yamiko anaseka nati ndi momwemo. Chitsulocho, iye anati, chimawala kwambiri pa chithunzi, ndipo popeza anachiyeza bwino pamene chakhala, malo ena onse adzayezedwa kuyambira pa icho. Mapu akatuluka, aboma adzadziwa oyenera kusamuka ndi oyenera kutsala.

"Ndiye chidzanena zoona za kamtunda kano?" anafunsa a Sebastiano.

"Chidzanena, bambo. Inu muzingochotsa udzu ndi matope. Musachigwedeze."

Anachisamala ngati mwana wodwala. Ankachipukuta ndi chiguduli, napirikitsa mbuzi ndi ana. A Dorika ankawanena kuti atenga mkazi wachiwiri wosadziwa kusinja. Iwo ankangoyankha kuti ameneyu sabweza mawu.

Mwezi wa Malichi madzi anabwera mwaukali. M'mawa wa tsiku lachiwiri anali atafika pa simenti. Kwathu kuno madzi akamakwera, chilichonse cha mtengo wake chimakwezedwa pa nsanja: chimanga, nkhuku, mphasa, nkhalamba. Palibe amene amaphunzitsidwa zimenezi, timangobadwa nazo. A Sebastiano anabwera kwa ine ali ndi sipanala ya njinga m'manja.

"A Geresomo, chinthu cha eni ake chikupita ndikuona. Tiyeni."

Ndinawakumbutsa mawu a Yamiko. Anati foni sizikugwira, ndipo Yamiko ankanena za ana osewera, osati za Shire. Sindinatsutsenso. Tinazika mitengo inayi kuzungulira simentiyo, madzi ali m'mawondo, tinamasula mabawuti ndi kuchikweza mpaka pachifuwa. Iwo anatsitsa chingwe chokhala ndi mwala kuti chikhale pamwamba penipeni pa malo ake, nachilozetsa komwe chinkaloza kale. Inali ntchito yabwino. Ndinaiona ndi maso anga.

Madzi ataphwa, simenti inali itakwiririka m'matope. Anachisiya pa nsanja pomwepo. Sanauze munthu, poti sankaona chonena. Chinthu chinalipo, chosachita dzimbiri.

Mapu anatuluka mu Okutobala. Anawapachika pa khoma la sukulu. Malo oopsa anali ofiira, ndipo kamtunda kathu kanali kofiira konse. A Sebastiano anayang'ana nthawi yaitali. Anauza mlembi amene anabwera ndi mapuwo kuti m'nyumba mwawo simunalowepo madzi zaka makumi atatu ndi mphambu. Mlembiyo anayankha mwaulemu kuti aliyense amanena choncho, koma makina sakondera.

Tinasamuka mvula isanayambe. Anatipatsa malo kumtunda, pa nthaka ya miyala, ulendo wa maola atatu pa njinga. Tinachotsa malata ndi zitseko. Mjigo anauzula. A Dorika anakwera ngolo atayang'ana kutsogolo. Amuna awo anatsalira tsiku limodzi kulambula manda a bambo awo.

Yamiko anabweranso mu Januwale kudzaona zitsulo zake. Tinamuperekeza awiri, pa njinga kenako pa bwato. M'njira anatiuza kuti ziwiri zija zinakokoloka, ndipo mapu onse a mbali yathu anadalira cha a Sebastiano chokha. Anawathokoza. Iwo anathokozanso m'chiyankhulo cha kwawo nati, "Takhuta," nkhope itawala pang'ono.

Titafika, anaima patali n'kuyang'ana nsanja ija. Anafunsa kuti yakhala pamenepo kuyambira liti. Atamva, anatulutsa tepi, nayeza kuchokera pa simenti kufika pa chitsulo. Inali mita imodzi ndi theka. Anakhala pansi pa matope ouma.

Anafotokoza pang'onopang'ono, osakweza mawu. Makina ankadziwa kuti chitsulo chili pansi. Atachiona chili m'mwamba, anayesa kuti iwo ndiwo akuyeza mopitirira, choncho anachotsa mita imodzi ndi theka pa malo onse ozungulira. Kamtunda kanatsika pa pepala, kanalingana ndi dambo.

"Ndiye amene anatisamutsa ndine," anatero a Sebastiano.

"Ndinayenera kubwera madzi atangophwa, bambo. Mlanduwu ndi wanganso."

Mitengo iwiri mwa inayi ija ndinazika ndine.

Nkhani inafika kumalo atsopano ife tisanafike. Palibe amene anawatukwana. Anthu anangoleka kuwasungitsa zinthu. A Fanizo, amene mbuzi zawo zinayi zinafa ndi ludzu kumtundako, ankawapatsa moni wa mkono okha.

Yamiko anasunga mawu ake. Patatha miyezi isanu ndi itatu mapu okonzedwa anabwera, kamtunda katachoka m'zofiira. Koma panalibe mjigo, makoma anali atagwa ndi mvula, ndipo ana anali atalembedwa kusukulu ina. Palibe banja limene linabwerera. A Dorika anati miyendo yawo yatopa, adzafera pomwe ali. A Sebastiano sakanawasiya okha.

Chitsulo anachitsitsa okha, nachimanga pa simenti ndi mabawuti ake omwe aja, amene anawasunga m'chitini cha mafuta. Loweruka lililonse amapalasa njinga kukachotsa udzu, ngakhale Yamiko anawauza kuti kuyeza kunatha. Amabwerako ndi mango nthawi yake ikafika, kapena chimanjamanja.

Chaka chino madzi atakwera ndinapita nawo pa bwato. Tinaima pa kamtunda, pamene panali khonde lawo. Pansi panali pouma. Kumunsi madzi anali atafika pa simenti, ndipo mitengo inayi ija inali chiimire pomwepo. Ndinaona sipanala ikutuluka m'thumba la malaya awo. Sanaigwire. Tinayang'ana mpaka nsonga yomaliza ya chitsulo inamira, kenako anandiuza kuti tizipita, a Dorika akudikira mankhwala.