Kandulo ya Anselm Kieren

Anselm Kieren anali munthu wamantha. Ine Klemens ndikunena izi ngakhale anali mnzanga. Minda yathu ya mphesa inagundana malire pachitunda choyang'ana mtsinje wa Mosel, ndipo kwa zaka makumi anayi tinkasenzera limodzi miyala yokokoloka ndi mvula kuibwezera kumtunda.

Chitunda sankachiopa. Ankaopa chipinda chapansi pa nyumba yake, mosungira migolo. Vinyo akamawira amatulutsa mpweya wosaoneka umene umadikha pansi ngati madzi m'chitsime. Mpweya umenewu unapha bambo ake, iye ali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo ndiye anawapeza ali chafufumimba pakati pa migolo. Chiyambire tsiku limenelo sanatsikemo wopanda kandulo yoyaka, ataigwira cha m'mawondo. Lawi likafooka, ankabwerera. Tonse tinkatero mu Novembala, vinyo wa mphesa za mtundu wa Riesling akamawira. Iye ankatero chaka chonse, ngakhale mu Juni migolo ili zii.

"Abambo mfumu akukayamba Misa," tinkatero akamakhwatcha machesi. Inenso ndinkaseka nawo.

Mwana wake Walburga anakwatiwa ndi Ortwin, wophunzira za ulimi kusukulu. Ortwin anazula Riesling kumunsi kwa munda nabzala Müller-Thurgau, mtundu wa mphesa wakupsa msanga.

"Apongozi, chaka ndi chaka kumangoyang'ana kumwamba kuopa chisanu? Izi tizithyola titavula malaya, inu mukadali kupemphera."

Zinaterodi. Anathyola mu Seputembala dzuwa likuswa mtengo, Riesling wathu akadali wowawasa wotsinzinitsa diso.

Patapita masiku anayi atafinya mphesazo, masana, ine ndi Anselm tinkakonza gudumu la ngolo pabwalo pake. Walburga anasuzumira pazenera.

"Ababa, Ortwin mwamuona? Msuzi ukuzizira. Anati akungokamvera migolo yake."

Anselm anatembenukira pakhomo la chipinda chapansi. Chitseko chinali chotsekula. Kandulo inali pamalo pake pakhoma, yosayatsa.

"Watsika liti?"

"Posachedwapa. Bwanji, ababa? Mu Seputembala muno?"

Cholakwa chinali chomwecho. M'mitu mwathu tonse, ngozi inkabwera ndi kuzizira. Palibe anaganiza kuti mphesa zofulumira kupsa zifulumiranso kuwira.

Machesi atatu anamuthyokera m'manja. Achinayi anayaka. Anatsika sitepe yoyamba, yachiwiri, ine ndili kumbuyo. Pa yachisanu lawi linazima ngati wina walitsina ndi zala. Tinaitana Ortwin. Kunangomveka migolo ikubwata mumdima.

Ine ndinali wocheperapo ndi zaka zisanu ndi chimodzi, wamphamvu kumuposa. Woyenera kutsika ndinali ine. Ndinachita mantha, ndipo sindibisa. Ndinati, "Tiitane ozimitsa moto."

"Adzafikira pa maliro," anayankha Anselm.

Anatenga chingwe cha pangolo, koma zala zinkanjenjemera moti mfundo m'chiuno mwake ndinamanga ndine.

"Klemens, ukawerenga makumi atatu, koka. Ndamupeza, sindinamupeze, koka. Usandisiye mmenemo, wamva iwe? Usandisiye."

Anakoka mpweya, nkhope ili mbuu, nalowa mumdima muja momwe munafera bambo ake.

Ndinawerenga mokweza. Chingwe chinkayenda m'manja mwanga, kenako chinaima. Pa makumi awiri ndinamva chinthu chikugwa. Pa makumi atatu Walburga anandigwira dzanja.

"Dikirani pang'ono, mwina sanamufike!"

Kudikira kukanatha kumupulumutsira mwamuna, kukanathanso kumuphera bambo. Ndinamukankha, ndinakoka. Chingwe chinalemera kuposa munthu mmodzi. Walburga anagwira nawo, ndipo tinawakwekweretsa pamasitepe. Anselm anali atakolowetsa mkono mu lamba wa mkamwini wake, chigongono chili chopinda.

Ortwin anatsitsimuka dokotala asanafike, nasanza, mutu n'kumuwawa sabata yathunthu. Anselm anagona pamiyala ya pabwalo, buluku litanyowa, akulira ndi kuitana bambo ake ngati kamwana. Nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi limodzi.

Anakhalanso ndi moyo zaka khumi ndi chimodzi, koma m'chipinda muja sanapondemonso, ndi kandulo yomwe. Migolo ikayamba kubwata, ankakhala pampando pakhomo pake tsiku lonse, kuwerenga olowa ndi otuluka.

Pa maliro ake wansembe anati anali munthu wosadziwa mantha. Limenelo ndi bodza. Chingwe chinali m'manja mwanga, ndipo kunjenjemera kwake ndinkakumva kudzera m'chingwemo mpaka pomwe chinaima.

Ortwin tsopano ali ndi imvi. Amayatsa kandulo ngakhale mu Juni.